Chifuwa Chobisala: Mmene Achipatala Amadziwira Mphumu mwa Achinyamata

Ndathokoza kuti mwakhala pansi ndi kumvetsera sewero lija mpaka kumapeto, ngakhale ana ena amavuta kumsanako. Tsopano tiyeni tikambirane zimene tamva. Nkhani ya lero si ya mwana amene mwabwera naye ku sikelo ayi, koma ya mkulu wake amene mwamusiya kunyumba, mnyamata kapena mtsikana wa zaka 15, 19 kapena 25. Mwinanso ndi nkhani ya inu nomwe, pakuti ambiri mwa inu mukadali atsikana.

TIKUMBUTSANE ZA SEWERO

Tamva za mtsikana wa zaka 19 amene amatsokomola usiku mpaka tambala woyamba. Akapita kukatunga madzi m'mamawa mwezi wa Juni, amafika pachitunda ali wefuwefu, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Kusukulu aphunzitsi anamuchotsa m'timu ya ntchemberembaye chifukwa amati akathamanga pang'ono, amakhala pansi atagwira pachifuwa.

Mayi ake anapita naye kuchipatala kawiri. Maulendo onse awiri anafika dzuwa litakwera, nakhala pa benchi kudikira mzere. Pamene amalowa kwa adokotala, chifuwa chinali chitatsika. Adokotala anamvetsera ndi chipangizo chawo, osamva kanthu. Anayeza makhololo, chifuwa chachikulu sichinapezeke.

Mukukumbukira mau a mayi aja pobwerera? Anati, "Iwe ukungonamizira, ndi ulesi basi." Agogo nawo anati ndi tsempho, wina sanasunge mwambo pakhomo. Mau amenewa anayambanitsa bambo ndi mayi. Anthu oyandikana nawo anayamba kunong'onezana za matenda ena. Mtsikanayo anayamba kubisa chifuwa chake, kutsokomolera m'bulangete kuti asamveke. Mapeto ake ananyamulidwa pa njinga pakati pa usiku, akulephera ngakhale kutchula dzina lake.

Atachira, adokotala anamuitanitsa tsiku lina. Anamuuzitsa mpweya m'kachipangizo, namuthamangitsa, namuuzitsanso. Apo m'pamene matenda anaonekera poyera. Inali mphumu. Kuyeza kumeneku n'kumene ndikufuna tikumvetse bwino lero.

KODI MPHUMU N'CHIYANI?

Tikapuma, mpweya umalowa pa mphuno kapena pakamwa, n'kutsika pa kholingo. M'chifuwa njirayo imagawikana ngati nthambi za mtengo, zazikulu, zazing'ono, mpaka tinthambi tating'onoting'ono tofika m'mapapo monse. Tinjira timeneti ndi tobooka m'kati ngati bango, ndipo tazunguliridwa ndi timinofu.

Munthu wa mphumu tinjira take ta mpweya timakhala totupa m'kati ndiponso sitichedwa kunyansidwa. Tikakumana ndi utsi, fumbi, mphepo yozizira kapena chimfine, zinthu zitatu zimachitika. Timinofu tija timafinya njira, m'kati mumatupirako, ndipo mumadzaza mamina olimba. Njira ikachepa choncho, mpweya umavuta kutuluka. Ndiye chifukwa chake m'chifuwa mumalira ngati likhweru, munthu amabanika, amamva ngati amumanga chingwe pachifuwa, ndipo amatsokomola makamaka usiku ndi m'bandakucha.

Mphumu si matenda opatsirana. Simungaitenge pomwera kapu imodzi kapena pogona chipinda chimodzi ndi wodwala. Imakonda kuyenda m'magazi a pabanja, makamaka mabanja amene ali ndi anthu oyetsemula pafupipafupi kapena a ziwengo za pakhungu. Ena imawayamba ali ana, ena imawayamba atakula kale. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu okwana 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo. Ambiri mwa omwalirawo anali a m'maiko osauka, kumene matendawa amachedwa kudziwika ndiponso mankhwala amasowa.

CHIFUKWA CHIYANI IMABISALA?

Mphumu ndi matenda obwera n'kupita. Usiku munthu wabanika, masana ali bwinobwino akulima. Mwezi wa Juni ndi Julaye, pamene kukuzizira ndipo chiperoni chikuwomba, wavutika, koma Okutobala akuseka. Tsono wachinyamata amene ali ndi mphamvu, amene mphumu yake ndi yocheperako, kawirikawiri amafika kuchipatala pa nthawi imene tinjira tija tatseguka. Womuyeza samva kanthu. Ngakhale chithunzi cha m'chifuwa cha X-ray chimatuluka chabwino, pakuti mphumu siioneka pa chithunzi chimenechi.

Choncho adokotala akanena kuti "sindikumva kanthu m'chifuwamu", sakutanthauza kuti mwana wanu ndi wabodza. Akungonena kuti pa ola limenelo chifuwa chili phee. Apa m'pamene mayi a m'sewero aja analakwira.

BWANJI OSANGOPEREKA MANKHWALA?

Wina angafunse kuti, ngati zizindikiro zikuoneka, kuyezanso n'kwa chiyani? Yankho ndi lakuti si chifuwa chilichonse cholira kapena chobanikitsa chimene chili mphumu. Pali matenda ena ofanana nayo:

Chifuwa chachikulu cha TB. Aliyense amene watsokomola masabata awiri, kapena akutuluka thukuta usiku, akuonda, kapena akulavula magazi, ayezetse makhololo msanga. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma.

Matenda a mtima. Pali ana ena amene anadwala zilonda za pakhosi zosachiritsidwa bwino, ndipo patapita zaka zitseko za m'mtima mwawo zinaonongeka. Akafika pa unyamata amabanika akamayenda kapena akagona chagada. Kwa atsikana vutoli limakonda kuonekera pa nthawi ya pakati.

Kuchepa kwa magazi. Nakonso kumachititsa befu ndi kugunda kwa mtima.

Kutsekeka kwa pa kholingo. Achinyamata ena, makamaka atsikana othamanga, pakhosi pawo pamafinyika akamakoka mpweya. Phokoso limamveka pakhosi, osati m'chifuwa, ndipo mankhwala a mphumu sawathandiza.

Ku Canada, kumene zipangizo zoyezera n'zambiri, madokotala motsogozedwa ndi Shawn Aaron anayezanso anthu akuluakulu 613 amene anali atauzidwa kale kuti ali ndi mphumu. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2017. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse analibe mphumu pa nthawiyo, ndipo ena ochepa anali ndi matenda ena akulu, monga a mtima, amene anali asanadziwike.

Mwaona tsono kuti kulakwitsa kuli mbali ziwiri. Kumuuza munthu kuti ali ndi mphumu pamene alibe, ndiye kuti amwa mankhwala zaka zambiri pachabe uku matenda ake enieni akukula. Kumuuza kuti alibe pamene ali nayo, ndiye zija za njinga pakati pa usiku.

KUYEZA KOYAMBA

Kuyeza kumayamba ndi mafunso. Chifuwa chimabwera nthawi yanji? Chimayamba akatani? Kodi alipo wina pabanja amene ali nacho? Amagwira ntchito yanji? Amasuta? Mayankho anu ndi theka la kuyeza konse, choncho yankhani zoona zokhazokha.

Kenaka pali zipangizo ziwiri zouzira mpweya.

Choyamba ndi makina otchedwa spirometer. Munthu amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza, amaluma kapaipi, n'kuuzira ndi mphamvu zake zonse mpaka mpweya kutheratu. Makinawo amawerenga kuchuluka kwa mpweya umene watuluka m'sekondi yoyamba. Akatero amamupopera mankhwala otsegula chifuwa a salbutamol, n'kudikira mphindi 10 mpaka 15, n'kuuziranso. Ngati mpweya waonjezekera ndi magawo 12 pa 100 alionse, komanso ndi mamililita osachepera 200, ndi umboni wakuti tinjira tinali tofinyika ndipo tatseguka ndi mankhwala. Imeneyi ndiyo khalidwe la mphumu.

Chachiwiri ndi kachipangizo kakang'ono kokwana m'dzanja kotchedwa peak flow meter. Kali ndi manambala ngati lula ya kusukulu. Munthu amauzira kamodzi mwamphamvu ngati akuzimitsa nyali, ndipo kamuvi kamaima pa nambala. Amachita katatu n'kulemba nambala yaikulu, m'mawa ndi madzulo, kwa masabata awiri. Munthu wopanda mphumu manambala ake sasiyana kwambiri. Koma ngati m'mawa akupeza 340, madzulo 420, ndipo zikuchitika choncho masiku ambiri, kusiyana kumeneku kumaloza ku mphumu.

Vuto ndi lakuti achinyamata ambiri a mphumu yocheperako amauzira bwinobwino pa tsiku loyezedwa. Manambala onse amatuluka abwino, koma usiku akutsokomolabe. Zikatere adokotala amaganiza zoputa chifuwacho mwadala.

KUYEZA KOPUTA CHIFUWA

Nonse munaonapo wokonza njinga. Chubu chikakhala chophwa, pobooka sipaoneka. Amachipopa kaye, n'kuchiviika m'beseni la madzi, ndipo thovu limamuonetsa pamene pali bowo. Kuyeza koputa chifuwa kuli chimodzimodzi. Achipatala amapatsa tinjira ta mpweya chinthu chotinyansa pang'ono, iwo ali pomwepo ndi mankhwala m'manja, kuti aone ngati tifinyike. Tinjira ta munthu wopanda mphumu sitilabadira. Ta munthu wa mphumu timafinyika msanga, ndipo makina amaonetsa. Njira zake zilipo zingapo.

1. Kuthamanga. Munthu amayamba wauzira m'makina kuti adziwe nambala yake ya poyambira. Kenaka amathamanga pa makina othamangirapo, kapena kupalasa njinga yosayenda, kwa mphindi 6 mpaka 8. Kuthamanga kwake n'kwamphamvu, kofikitsa mtima wa munthu wa zaka 20 pa kugunda ka 160 mpaka ka 180 pa mphindi imodzi. Akaima amauziranso pakatha mphindi 5, 10, 15 ndi 30. Chifukwa chodikira n'chakuti chifuwa cha mphumu chimakonda kutsekeka munthu atasiya kuthamanga, osati ali m'kati mothamanga. Pothamanga timapuma msangamsanga ndi pakamwa, ndipo mpweya wambiriwo umaumitsa ndi kuziziritsa tinjira tija. Ngati mpweya wotuluka m'sekondi yoyamba watsika ndi magawo 10 pa 100 kapena kuposerapo, kuyezako kwaonetsa vuto. Kumene kulibe makina othamangirapo, achipatala ena amathamangitsa munthu pabwalo n'kumuyeza ndi peak flow meter, monga tamvera m'sewero.

2. Mankhwala a methacholine. Awa ndi mankhwala amadzi amene amawasandutsa nkhungu ndi makina, munthu n'kumakoka nkhunguyo. Amagwira timinofu ta m'tinjira ta mpweya kuti tifinyike. Amayamba ndi mlingo wochepetsetsa. Munthu akakoka, amauzira m'makina. Ngati nambala siinatsike, pakatha mphindi zisanu amaonjezera mlingo pang'ono. Amapitiriza choncho mpaka nambala itatsika ndi magawo 20 pa 100, kapena mpaka mlingo wotsiriza utakwana. Ndipereke chitsanzo. Mnyamata amene poyamba anatulutsa mamililita 3,000 m'sekondi yoyamba, akatsika kufika pa 2,400 amamuimitsa pomwepo. Mpweya umene wachepawo ndi mamililita 600, wokwana mabotolo awiri aang'ono a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Munthu amene watsika choncho ndi mlingo wochepa, tinjira take n'tosachedwa kunyansidwa. Kuyeza konse kumatenga pafupifupi ola limodzi.

3. Ufa wa mannitol. Uwu ndi mtundu wa shuga wopera bwino, woikidwa m'timakapusozi. Munthu amaukoka ndi kachipangizo, kuyambira mamiligalamu 5 n'kumakwera, mpaka onse pamodzi atakwana 635. Ufawu umakoka madzi m'tinjira ta mpweya monga mmene kuthamanga kumachitira. Apa amayang'ana kutsika kwa magawo 15 pa 100.

4. Nkhungu ya madzi a mchere wambiri. Imagwira ntchito mofanana ndi mannitol, ndipo nayonso amayang'ana kutsika kwa magawo 15 pa 100.

Kuyeza kwa methacholine ndi mannitol si kwa pa chipatala chaching'ono ayi. Kumafuna makina, munthu wophunzira bwino ntchitoyi, ndi dokotala pafupi. Inu yambirani pa chipatala cha kwanu. Akaona kuti mpofunika, adzakulemberani kalata yopita ku chipatala cha boma cha pa boma lanu, ndipo kumeneko angathe kukutumizani ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Adokotala ndiwo amasankha njira yoyezera malinga ndi zipangizo zimene ali nazo. Kumene njira zoputa chifuwa palibe, amagwiritsa ntchito mbiri ya wodwala, manambala a masabata awiri aja, ndi kuona mmene munthu akusinthira atalandira mankhwala a mphumu kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo.

KODI SI ZOOPSA?

Ndaona ena mwagwira pakamwa pomva zoputa chifuwa mwadala. Musaope. Mlingo umakwera pang'onopang'ono, ndipo amaimitsa nambala ikangotsika, nthawi zambiri munthu asanayambe n'kubanika komwe. Angathe kutsokomola, kumva kuthina pachifuwa, kapena mutu kupweteka pang'ono. Pomaliza amamupopera salbutamol, ndipo samulola kupita kwawo mpaka nambala yake itabwerera pafupi ndi pamene inayambira.

Komabe pali anthu amene sayenera kuyezedwa m'njira imeneyi:

Amene mpweya wake ndi wochepa kale pa kuuzira koyamba. Ameneyu palibe chifukwa chomuputira, vuto laoneka kale.

Amene anadwala mtima mwadzidzidzi kapena kufa ziwalo m'miyezi itatu yapitayi.

Amene magazi ake akuthamanga kwambiri ndipo sanatsike ndi mankhwala.

Amene wangochitidwa opareshoni ya m'maso, ya pachifuwa kapena ya pamimba.

Mayi woyembekezera. Woyamwitsanso anene, kuti adokotala aone chochita.

Mfundo yotsirizayi ikukhudza inu kwambiri. Ngati muli ndi pakati, kapena mukukayika chifukwa mwezi wadumpha, nenani musanayezedwe. Mtsikana wanu mumpatse mpata wolankhula yekha ndi anamwino, pakuti pali zina zimene sangathe kunena mayi ake ali pomwepo.

Ndipo ndikuchenjezeni. Musakayese zimenezi kunyumba. Musakamuthamangitse mwana kuzungulira mudzi, kapena kumuika mu utsi, ati muone ngati akunena zoona. Kuchipatala kuli mankhwala ndi mpweya wothandizira kupuma. Kunyumba kulibe.

KUKONZEKERA TSIKU LOYEZEDWA

Tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa kapena kupopera, ngakhale ogula pa golosale ndi azitsamba omwe.

Achipatala adzamuuza nthawi yosiyira mankhwala otsegula chifuwa, chifukwa mankhwalawo angabise matenda. Salbutamol amasiyidwa kwa maola 6 mpaka 8, ndipo ena okhalitsa m'thupi amasiyidwa tsiku limodzi kapena awiri. Asasiye yekha osauzidwa. Chifuwa chikamugwira usiku woti mawa akayezedwa, apopere mankhwala ake, ndipo akanene. Tsiku loyeza likhoza kusinthidwa.

Ngati wadwala chimfine kapena chifuwa m'masabata anayi kapena asanu ndi limodzi apitawa, anene. Chimfine chimasiya tinjira tili tonyansidwa ngakhale mwa munthu wopanda mphumu.

Asasute fodya, asathamange, ndipo asadye kwambiri pa tsikulo asanayezedwe. Avale zovala zomasuka ndi nsapato zothamangira ngati ali nazo.

ZOTSATIRA ZIMATANTHAUZA CHIYANI?

Kuyeza kwa methacholine kukapanda kuonetsa kanthu mwa munthu amene wakhala akudandaula masiku omwewo, ndipo sali pa mankhwala a mphumu, ndiye kuti mwina vuto lake si mphumu. Apo adokotala amayang'ana kwina, ku mtima, ku magazi, ku kholingo kapena ku mphuno. Musakhumudwe kuti mwayenda ulendo pachabe. Kudziwa kuti si mphumu nakonso ndi yankho.

Kukaonetsa vuto, adokotala amaphatikiza zotsatirazo ndi mbiri ya wodwala. Amatero chifukwa anthu ena opanda mphumu, monga osuta fodya ndi amene mphuno zawo zimatsekeka ndi kuyetsemula kawirikawiri, nawonso nambala yawo ikhoza kutsika.

Kuyeza kothamanga kuli ndi khalidwe lina. Kukaonetsa vuto, ndi umboni wamphamvu. Koma kukapanda kuonetsa, sindiye kuti mphumu palibe, pakuti tsiku lotentha ndi lachinyontho chifuwa chikhoza kukhala chete. Nthawi zina amabwereza tsiku lina.

AKAPEZEKA NAYO

Mphumu ilibe mankhwala oichotseratu, koma ali nayo oigonetsa. Munthu wolandira chithandizo choyenera amaphunzira, amalima, amasewera mpira, amakwatiwa ndi kubereka ngati wina aliyense.

Mankhwala opopera m'kamwa, amene ambiri timati inhela, ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi lotsegula chifuwa msanga, monga salbutamol. Lachiwiri ndi loteteza, monga beclometasone, limene limachepetsa kutupa kwa m'tinjira. Loteteza limagwira ntchito pang'onopang'ono, ndipo liyenera kupoperedwa monga mwauzidwira ngakhale masiku amene munthu ali bwino. Akatha kupopera achukuche m'kamwa ndi madzi n'kulavula. Kuyambira chaka cha 2019, bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a kasamalidwe ka mphumu pa dziko lonse, linaleka kulangiza kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha, chifukwa amatsegula njira koma sachotsa kutupa. Munthu amene akufuna salbutamol koposa kawiri pa sabata, kapena akumaliza mainhela atatu pa chaka, abwerere kuchipatala. Mphumu yake siinagone.

Mankhwala amalowa bwino m'mapapo akapoperedwa kudzera m'botolo. Madokotala a ku Cape Town anaonetsa m'chaka cha 1999 kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, lobooledwa kumatako kwake kuti inhela ilowe mothina, limathandiza mofanana ndi chipangizo chogula. Pemphani anamwino akuonetseni kapangidwe kake.

Kunyumba chepetsani zomuputa. Phikirani pamalo podutsa mphepo, ndipo mbaula isalowe m'chipinda chogona. Wazani madzi musanasese. Yanikani mabulangete ndi mphasa padzuwa. Thanani ndi mphemvu. Osuta akasutire kutali. Onaninso ntchito imene akugwira, pakuti fumbi la ku chigayo, la posankha fodya, la popala matabwa ndi fungo la penti zimayambitsa mphumu mwa ena. Ngati chifuwa chimatsika masiku opuma n'kuyambanso akabwerera kuntchito, akawauze adokotala.

MAFUNSO AMENE AMAYI ANAFUNSA

Paja akulu anati safunsa anadya phula. Nawa mafunso amene anatuluka titamvera seweroli.

Funso: Amati munthu akayamba inhela sasiyanso, ndipo ndi ya anthu amene matenda awafika pothera. Kodi n'zoona?

Yankho: Si zoona. Inhela siizolowereka ngati fodya kapena mowa. Ndiyo mankhwala oyambirira, osati otsiriza. Imapereka mlingo wochepa kwambiri molunjika m'mapapo. Mapiritsi a salbutamol amayamba azungulira thupi lonse, choncho amachedwa kugwira ntchito ndipo amanjenjemeretsa manja ndi kugunditsa mtima.

Funso: Ine ndili ndi mphumu ndipo ndine woyembekezera. Ndisiye mankhwala kuti ndisapweteke mwana?

Yankho: Musasiye mayi. Mwana ali m'mimba amapuma kudzera mwa inu. Inu mukabanika, nayenso wabanika. Inhela ya salbutamol ndi ya beclometasone zimagwiritsidwa ntchito pa nthawi ya pakati ndi poyamwitsa. Mwa amayi atatu a mphumu, kawirikawiri mmodzi imamukulira ali ndi pakati, mmodzi imamuchepera, mmodzi siisintha. Nenani ku sikelo ya amayi apakati kuti azikuyang'anirani.

Funso: Mwana wanga akathamanga amabanika. Ndimuletse masewera?

Yankho: Ayi. Muyezetseni. Alipo akatswiri a masewera amene ali ndi mphumu ndipo amapambana mipikisano. Akalandira mankhwala oteteza, ayambe ndi kutenthetsa thupi pang'onopang'ono asanalowe m'bwalo, ndipo inhela yake ikhale pafupi.

Funso: Nanga akulu akanena kuti ndi tsempho, ife titani?

Yankho: Akulu tiwalemekeze, ndipo nkhani za pabanja zikambidwe mwaulemu. Koma kukambako kusachedwetse ulendo wa kuchipatala. Ngati n'kotheka, pitani nawo agogowo akaone okha nambala ikutsika ndi kukweranso atapopera mankhwala.

Funso: Kodi pali mankhwala amene wa mphumu ayenera kusamala nawo?

Yankho: Alipo. Aspirin ndi ibuprofen amatseka chifuwa mwa anthu ena a mphumu. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga propranolol, nawonso amatero. Nthawi zonse auzeni achipatala kuti muli ndi mphumu asanakulembereni mankhwala.

ZIZINDIKIRO ZOTI MUTHAMANGIRE KUCHIPATALA

Chakudza sichiimba ng'oma. Mukaona chimodzi mwa izi, musadikire kuti kuche:

Akulephera kumaliza chiganizo popanda kuima kuti apume.

Akupuma mothamanga, pakhosi ndi m'nthiti mukulowa m'kati.

Milomo kapena lilime zasintha mtundu, zachita kuderako.

Wafooka, akusinza kapena akubwebweta.

Chifuwa chimene chimalira changoti zii, koma iye akubanikabe. Ichi n'chizindikiro choopsa kwambiri, chifukwa ndiye kuti mpweya sukudutsa n'komwe.

Wapopera salbutamol koma sakusintha.

Mukhazikeni tsonga, musamugoneke. Mupopereni salbutamol kudzera m'botolo lija, kamodzikamodzi, iye akupuma kangapo pakati pake, kuyambira ka 4 mpaka ka 10. Bwerezani pakatha mphindi 20 muli pa ulendo wa kuchipatala.

MAU OTSIRIZA

Amayi anzanga, m'sewero lija mtsikana uja anavutika miyezi yambiri chifukwa a pakhomo pake sanamukhulupirire. Inu ndinu amene mumamva kutsokomola kwa usiku, adokotala samakumva. Mukapita kunyumba lero, yambani kusunga m'mutu kapena kulemba m'kope: watsokomola tsiku liti, nthawi yanji, amachita chiyani. Kope limenelo mukapite nalo kuchipatala. Akakuuzani kuti m'chifuwa simukumveka kanthu koma vuto likupitirira, bwererani ndipo funsani mwaulemu kuti, "Kodi palibe njira yomuyezera mpweya?"

Pokambirana m'magulu anu, yankhani mafunso awa:

1. N'chifukwa chiyani adokotala sanamve kanthu m'chifuwa cha mtsikana uja maulendo awiri oyamba?

2. Tchulani matenda atatu amene amafanana ndi mphumu.

3. Ndi anthu ati amene sayenera kuyezedwa m'njira yoputa chifuwa?

4. Mukanakhala mayi a mtsikana uja, mukanawayankha bwanji agogo?

Amene muli ndi wachinyamata wotsokomola usiku kunyumba, tionane pakhomo apo mukatha kuyezetsa ana. Muyende bwino.